Kachitsa ka pulasitiki m'mbali mwa injini: kusankha frame slider pa misewu ya ku Tete

Msuweni wanga atabwera kuchokera ku Joni ndi njinga yamoto ya Suzuki GSX-R600, njingayo inagwa koyamba ili chiimire. Unali mwezi wa Okutobala mumzinda wa Tete, nthawi imene dzuwa limaswa mtengo ndipo kutentha kumadutsa madigiri 40. Anaiimika pa sitandi yam'mbali pamalo pomwe anali atangomatapo phula latsopano, n'kulowa m'sitolo kukagula madzi ozizira. Phula linafewa, phazi la sitandi n'kumamira pang'onopang'ono ngati ndodo m'dambo, mpaka njinga inagona chakumanzere. Phokoso lake silinali lalikulu n'komwe. Koma poidzutsa tinapeza pulasitiki yam'mbali itang'aluka kuyambira pa indiketa kutsika m'munsi, chogwirira kilatchi chitathyoka pakati, ndipo chivundikiro cha injini chitakalika mpaka kuonetsa aluminiyamu woyera.

Pulasitikiyo anaidikira miyezi iwiri kuti ibwere pa basi yodzera ku Nyamapanda ndi Cuchamano. M'miyezi imeneyo aliyense anasanduka mlangizi. "Achimwene, mukanaika ma slider sizikanatero." Zoona, pa kugwa kwa mtundu umenewo sizikanatero. Koma olangizawo sanamuuze kuti kachinthu komweko, kakasankhidwa molakwika, kangathe kung'amba felemu ya njinga yomwe ikanangokalika penti basi.

Frame slider, yomwe ambiri timangoti silaida, ndi kachitsa ka pulasitiki kozungulira, kotalika ngati chala chapakati kapena kupitirirapo pang'ono, konenepa kuposa chitsononkho cha chimanga. Kamamangidwa m'mbali mwa njinga, kamodzi kumanja kamodzi kumanzere. Pakati pake pamadutsa bawuti, ndipo bawutiyo imalowa pamalo ofunika kwambiri: pomwe injini imagwirana ndi felemu. Mumachotsa bawuti ya kufakitale n'kuikapo yaitaliko, yonyamula kachitsako. Ntchito yake yoyamba ndi kutundumuka kunja, kuti njinga ikagona chofika pansi choyamba chikhale kachitsako, thanki, radiyeta ndi felemu zikhale m'malere. Ntchito yachiwiri ndi kutsetsereka. Njinga ikagwa ikuthamanga, imayenera kukhukhuluzika pa phula n'kumataya mphamvu pang'onopang'ono, pulasitiki ikuperepeseka ngati sopo pamwala wochapira, mpaka itaima yokha.

Ambiri timasochera pomwepa. Tikamva zoti chinthu n'choteteza, timafuna cholimba kuposa zonse m'sitolomo. Komatu silaida anaipanga kuti izifa. Ili ngati fiyuzi. Makaniko aliyense wakumanapo ndi munthu amene anatopa ndi kupsa kwa fiyuzi n'kukulungapo waya wonenepa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Fiyuzi imasiyadi kupsa, kenako tsiku lina mawaya onse a njinga amafuka utsi. Silaida yosafuna kuperepeseka, yosafuna kupindika, mphamvu yonse ya kugwa imaipatsira ku chomwe yamangidwako, ndipo chimenecho ndi felemu ndi injini. Funso lofunsa pogula ndi lakuti: njinga ikagwa, n'chiyani chiyambe kugonja?

Kugwa kulipo mitundumitundu

Kugwa kochuluka ndi kwa msuweni wanga kuja. Sitandi yamira, phazi laterereka pa mchenga potembenuza njinga pabwalo, mwana wakwera njinga ili poimika, kapena mwaima pamzere wa magalimoto polowa pa mlatho wa Samora Machel n'kuponda pomwe lole ina yadonthezera dizilo. Apa silaida iliyonse yomangidwa bwino imagwira ntchito, ndipo ndalama zake zimabwerera tsiku lomwelo.

Kugwa kwachiwiri ndi kwa pokhota, tayala likataya msewu njinga n'kugonera mbali yomwe inapendekera, wokwera ndi njinga yake n'kumaseseleka limodzi. Silaida anaipangira kugwa kumeneku. Kwachitatu ndi koopsa kuja: tayala lakumbuyo literereka, kenako ligwira mwadzidzidzi, njinga n'kudzambatuka kuponya wokwera m'mwamba, iyo n'kumagubuduzika. Pamenepo, komanso pogundana ndi galimoto kapena ng'ombe, kachitsa ka pulasitiki kalibe chonena.

Liwiro nalo lili ndi masamu ake osakondera. Mphamvu ya chinthu choyenda imakula mofulumira kuposa liwiro lenilenilo: mukawirikiza liwiro kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Njinga yogwa pa makilomita 60 pa ola imafika pansi ndi mphamvu yoyenda yowirikiza kanayi poyerekeza ndi yogwa pa 30, ndipo pa 120 imawirikiza ka 16. GSX-R600 ndi mafuta ake imalemera makilogalamu opitirira 180. Gawo lalikulu la mphamvu imeneyo limadutsa pa bawuti imodzi ya mamilimita 10.

Tsono nkhani ya misewu yathu. Masilaida anatchuka m'mabwalo a mpikisano wa njinga ndi m'misewu ya phula losalala, komwe njinga ikagwa imakhala ndi malo otsetsereka. Taganizani za N304 kuchokera pa Mussacama kukwera ku Ulónguè mpaka pa Calómuè, kapena N7 kuchoka ku Moatize kulowera ku Zóbuè. Phula lilipo, koma ndi lopapatiza, ndipo likangotha pali dothi, ngalande, udzu, nthawi zina chitsa. Malo ena m'mphepete mwa phula munagumuka n'kusiya kakhonde. Njinga yogwa pokhota siikhalitsa pa phula, imathamangira kunja kwa khotelo. Silaida yomwe imatsetsereka bwinobwino ikafika pa dothi imasanduka khasu, imakumba. Ikakumba, mbali imeneyo imaima mwadzidzidzi pamene njinga yonse ikufunabe kupita, ndiye imatembenuzika.

Ndinaonapo zotsatira zake m'mawa wina ndikutsika kuchokera ku Ulónguè. Wokwerayo anali atakhala pamwala akupukusa mutu, jekete itang'ambika pa phewa koma mafupa ali bwino. Pa phula panali mzere wotuwa, woongoka bwino, utali wake ngati mapazi makumi awiri, pomwe pulasitiki inkaperepeseka. Mzerewo unathera m'mphepete mwa msewu pa kadzenje katsopano konga pomwe nkhumba yafukula mbatata. Njinga inali patsogolo pake itagonera mbali inayo, thanki itabonyoka pamwamba, nyali itasweka, mpando wakumbuyo utapotoka. Mbali yomwe inagwera poyamba inali yosawonongeka kwenikweni. Zonsezo zinachitika silaida itakumba. Inali yaitali zedi, yotulukira kunja kupitirira bondo la wokwera.

N'chifukwa chake ine pa misewu ya kuno ndimakondera zazifupi. Silaida yaitali imaoneka ngati ikuteteza zambiri, ndipo njinga ikagwa ili chiimire imatetezadi zambiri, ngakhale pulasitiki yam'mbali siikhudza pansi. Koma kumbukirani zomwe mumachita nati ikakana kumasuka: mumalowetsa paipi pa sipanala kuti mkono utalike, nati n'kugonja. Silaida yaitali ndi paipi yomweyo, yolowetsedwa pa bawuti ya injini yanu, ndipo wokoka ndi msewu. Yaifupi imalola kuti penti ikalike ndi pulasitiki ing'aluke pang'ono, koma siigwira dothi msanga ndipo siipotola malo omwe yamangidwa. Mutu wake ukhale wozungulira m'mbali, wopanda m'mphepete mwakuthwa mokodwa pa ming'alu ya phula.

Pulasitiki yake, bulaketi yake, bawuti yake

Si pulasitiki iliyonse. Yodziwika kwambiri ndi Delrin, dzina limene kampani ya DuPont inapatsa pulasitiki ya mtundu wa acetal itayamba kuigulitsa mu 1960. Ndi yolimba, siimwa madzi ambiri, imasemeka bwino pa makina, ndipo imasungunuka pafupifupi pa madigiri 175. Inzake ndi polyethylene yolimba, yolembedwa kuti HDPE kapena UHMW, yofewerako, yoterera kwambiri, yosasweka wamba ikamenyedwa. Palinso nayiloni, yomwe imagwira ntchito ndithu ngakhale imamwa chinyezi. Zonsezi zimachita chinthu chimodzi chofunika: zimadyeka pa phula mosaluma.

Zomwe ndimakana ndi za aluminiyamu yekhayekha, zofiira, zagolide, zabuluu, zomwe zadzaza pa AliExpress ndi m'masamba ogulitsa zinthu pa Facebook. Pa chithunzi n'zokongola, sindikutsutsa. Koma chitsulo sichimwa nkhonya, chimangoipatsira m'kati, ndipo aluminiyamu pa phula amaluma m'malo moterera. Aluminiyamu ali ndi malo ake, monga tsinde lomwe pulasitiki imakhalapo kapena kapaipi ka m'kati modutsa bawuti. Chokhudza msewu chikhale pulasitiki. Amene amasemetsa silaida ya chitsulo chakuda awonjezera vuto lina, chifukwa chitsulo pa phula chimathetheka moto, pafupi ndi thanki yomwe mwina ikutaya petulo, m'mbali mwa udzu wouma wa Seputembala.

Njinga zopanda pulasitiki yokuta injini, monga Yamaha MT-07, zilibe vuto la poika, bawuti ya injini ili poyera. Vuto lili pa njinga zokutidwa ngati GSX-R, CBR, R6 ndi Ninja, chifukwa nthawi zambiri bawutiyo imabisika kuseri kwa pulasitiki. Opanga masilaida anapeza njira ziwiri. Ina ndi kuboola pulasitikiyo kuti silaida ilowe molunjika pa bawuti. Pogula mudzaona palembedwa kuti cut. Ina ndi ya no-cut, yokhala ndi bulaketi yomwe imagwira pa bawuti ya injini n'kupititsa kachitsako pambali, pomwe pulasitiki ili ndi mpata kale.

Mwini njinga aliyense mtima wake umathamangira ku no-cut. Ndani angafune kuona makina obowolera akulowa pa pulasitiki yomwe waidikira miyezi iwiri? Koma bulaketi ija ndi paipi ina pa sipanala. Nkhonya imagwera apa, bawuti ili apo, ndiye bulaketi imafuna kuzungulira kapena kupindika, ndipo ikapindika imalowa m'kati n'kuswa pulasitiki yomweyo imene mumaiopera, mwinanso kuboola radiyeta. Yolunjika imakankha mphamvu motsatira bawuti, molowera pomwe felemu ndi yolimba. Sikuti no-cut zonse n'zachabe. Zabwino zake zimakhala ndi bulaketi yonenepa yogwira malo awiri, kapena ndodo yolumikiza kumanja ndi kumanzere kuti katundu agawanike. Ya bawuti imodzi, ya bulaketi yopyapyala yaitali ngati supuni, ndi yongoteteza poimika njinga.

Mukasankha kuboola, musayerekeze ndi maso. Amisiri amapaka girisi kapena choko pamutu pa bawuti, n'kubwezera pulasitiki pamalo pake kuti chizindikiro chidinde m'kati mwake. Amayamba ndi kabowo kakang'ono, n'kusuzumira ngati kalunjika pakati, kenako n'kukuza. Bowo likhale lalikulupo kuposa silaida, kuti ikapindika pang'ono isakankhe pulasitiki.

Koma mtima wa nkhani yonse ndi bawuti, chinthu chomwe ogula ambiri sachiyang'ana n'komwe. Tembenuzani mutu wake muone manambala. Mukaona 8.8, nambala yoyamba ikutanthauza kuti chitsulocho chimaduka pa mphamvu ya mamegapascal (muyeso wa mphamvu yokoka chitsulo) pafupifupi 800, ndipo yachiwiri ikuti chimayamba kutamuka osabwereranso chikafika pa magawo 80 mwa 100 a mphamvu imeneyo. Ya 10.9 imafika pafupifupi 1000, ya 12.9 imafika 1200. Munthu angati basi tigule 12.9. Komatu chitsulo chikamalimba chimayambanso kuuma mtima, chimathyoka m'malo mopindika, kapena chimakana zonse ziwiri n'kusiya kuti felemu ndiyo igonje. Kampani ya R&G ya ku England imachita kunena kuti mabawuti a zoteteza zake anawakonza kuti azipindika m'malo mothyoka. Lamulo losavuta ndi kutsatira nambala yomwe wopanga silaida wodalirika waika, ndipo isatsike pansi pa ya bawuti yomwe mwachotsa, chifukwa masiku onse amene njinga siinagwe bawuti imeneyo ikunyamula injini.

Bawuti yopanda nambala pamutu ibwezeni. Yonyezimira ya chitsulo chosachita dzimbiri, yolembedwa A2-70, nayonso imapusitsa: imaoneka yapamwamba koma imayamba kutamuka pa mamegapascal 450, pamene 8.8 wamba imafika 640. Ngati zilembo zafufutika, yesani ndi maginito, A2 siigwira kwenikweni. Onaninso mazinga. Njinga zambiri za ku Japan zimagwiritsa ntchito M10 ya mazinga ang'onoang'ono a 1.25, pamene M10 yomwe mungaipeze m'sitolo ya zomangira nyumba ndi ya 1.5. Imalowa kawiri katatu n'kuyamba kulimba, ndipo amene akakamiza ndi sipanala wadya mazinga a injini. Utali nawo ndi nkhani. Yaifupi imagwira mazinga ochepa n'kuzuka nawo pa kugwa. Mu aluminiyamu pamafunika kuti ilowe mamilimita 15 mpaka 20 ngati ili ya M10. Yaitali kwambiri, m'bowo losatulukira kuseri, imagunda pansi isanamange, ndipo mukapitiriza kupotokola mumang'alula injini ndi manja anu, njinga isanagwe n'komwe.

Pomanga, chitani mbali imodzi mumalize musanakhudze inayo. Mukamasula zonse ziwiri injini imatsika pang'ono, mabowo n'kusiyana, ndipo pamenepo ndi pomwe anthu amayamba kumenya ndi hamala. Ikani jeke ndi kathabwa kunsi kwa injini kuti ingoichirikiza. Bawuti iyambe kulowa ndi zala. Pakani kadontho ka mankhwala abuluu ogwira mazinga, kenako mangani ndi sipanala yoyeza mphamvu, yomwe m'masitolo a ku Tete mungaifunse kuti chave dinamométrica. Mulingo wake uli m'buku la njinga yanu. Pa M10 ya injini kawirikawiri umakhala pakati pa 40 ndi 60 Nm, muyeso wolembedwa pa sipanalayo. Ndikudziwa kuti a mestre ambiri, amisiri athu okonza njinga, amati dzanja lawo ndilo sikelo. Pa nati ya tayala la njinga yaing'ono ya Lifo ndingawakhulupirire, pa mazinga a aluminiyamu ayi.

Chomwe ndikulimbikira chonchi ndi chakuti felemu ya njinga zothamangazi ndi ya aluminiyamu, ndipo injini ndi gawo la mphamvu ya felemuyo. Khutu logwira injini likang'aluka, wowotcherera wa pamsika amene amapanga mageti ndi mawindo sangalikonze ndi ndodo zake za chitsulo. Pamafunika makina a TIG a mpweya wa argon ndi munthu wodziwa, ndipo ngakhale apo, kutentha kumafooketsa aluminiyamu wozungulira chilondacho. Munthu wa ku Johannesburg akang'alula felemu amatha kupeza ina kwa ophwasula njinga. Wa ku Dómuè njinga yake imakhala pakhonde nkhuku n'kumaikira mazira pansi pake.

Nanga njinga za tonsefe?

Tinene zoona, njinga za mtundu wa GSX-R m'chigawo chathu n'zowerengeka. Zomwe zadzaza pa Ulónguè, Furancungo, Tsangano ndi pa Zóbuè ndi Lifo, Lifan, Haojue, TVS ndi Bajaj Boxer, za anyamata a táxi-mota, omwe kutsidya ku Dedza amati a kabaza, ndi za alimi onyamula matumba a mbatata ya kachewere, nyemba, makala, nthawi zina mbuzi itamangidwa kumbuyo. Posachedwapa ndaona achinyamata ena akumanga masilaida a mitundu pa njinga zimenezi, ndipo ine ndimangoti n'zokongoletsa. Injini ya Boxer ndi yopapatiza, handulo ndi zopondera zimafika pansi silaidayo isanafike. Njingayo imagwera m'matope a Januwale ndi mumchenga wa m'makwawa, momwe mulibe chotsetserekapo. Mabawuti ake a injini ndi ang'onoang'ono, ambiri a mamilimita 8.

Pa njinga zotere chothandiza ndi crash bar, chipaipi chopindidwa chotulukira mbali zonse kutsogolo kwa injini. Pa dothi paipi yopindika bwino imasesereka ngati bwato pamchenga pamene kachitsa kamakumba, ndipo imasiya mpata pakati pa njinga ndi nthaka woti mwendo usapanikizike ndi injini yotentha. Koma nzeru ya fiyuzi ija imagwiranso pano. Ndinaima tsiku lina kwa wowotcherera wina ndikumva mnyamata akuti, "A mestre, mundiikire chitsulo cholimba, chija chomangira nyumba, chisadzapindike." A mestre anapukusa mutu n'kumuonetsa felemu ina yomwe inali itatsamira khoma, paipi yake yotsika kuchokera ku khosi itapotoka ngati nzimbe yogwa ndi mphepo. "Mwanawe, iyi inali ndi chitsulo chomwe ukufunacho. Chitsulocho chili bwinobwino mpaka lero." Anamupangira ya paipi yoboola m'kati.

Crash bar yabwino imamangidwa ndi mabawuti ndi zomangira zogwira paipi, pamwamba ndi pansi, mbali ziwiri zolumikizana. Kuiwotcherera pa felemu penipeni n'kulakwitsa, chifukwa moto umafooketsa paipi ya felemu ndipo tsiku lofuna kutsitsa injini mudzafunika sowo. Ngati pali chifukwa chowotcherera chilichonse pa njinga, yambani mwachotsa mawaya a batire ndi a CDI, kabokosi koyendetsa moto wa pulagi. Isatambalale kwambiri. Njira za m'minda n'zopapatiza, zitsa za mitengo zimabisala mu udzu, ndipo paipi ikakodwa pa chitsa njinga imakutembenuzani pomwepo. Pendekezaninso njinga muone ngati paipi siikhudza pansi zopondera zisanakhudze.

Chimodzimodzi njinga za alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'midzi, monga Honda XL 125 kapena Yamaha AG200: zimafuna zoteteza manja pa handulo, mbale yachitsulo kunsi kwa injini yotchinga miyala, ndi crash bar, silaida ayi. Alendo odutsa pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, ndi ma BMW R 1250 GS olemera makilogalamu pafupifupi 250 mudzawaona ndi mapaipi ozungulira masilinda otulukira m'mbali. Chodabwitsa n'chakuti injini imeneyo nayonso amaitchula boxer, ngakhale ilibe chibale chilichonse ndi Boxer yathu ya ku India.

Kubwerera ku njinga za pa phula, silaida payokha siikwana. Njinga ikagona imakhudza pansi malo angapo: nsonga ya handulo, silaida, chopondera, paipi ya utsi, ndi nsonga za ekiselo. Chomwe chimakusiyani panjira si penti, ndi oyilo. Chivundikiro cha jenereta kumanzere kapena cha kilatchi kumanja chikabowoka, oyilo amatayika ndipo ulendo wathera pompo, kaya muli pakati pa Matema ndi Cassacatiza pomwe lole yonyamula njinga mungaidikire tsiku lonse. N'chifukwa chake pali zivundikiro zachiwiri zomanga pamwamba pa za kufakitale, monga zomwe imapanga GB Racing. Sizitundumuka kunja kwenikweni, choncho sizikumba dothi. Munthu atandifunsa kuti ndalama zangokwana chimodzi, pa misewu ya kuno ndingamuuze kuti ayambe ndi zimenezi, silaida ibwere pambuyo. Ndipo zonsezi n'za njinga. Bondo, chigongono ndi mutu zimafuna kapaseti (chipewa cholimba), jekete ndi nsapato zake.

Pogula, tchulani mtundu wa njinga ndi chaka chake, chifukwa GSX-R600 ya 2005 ndi ya 2008 sizifanana pomangira injini, ndipo nthawi zambiri silaida yakumanja ndi yakumanzere zimasiyana utali kuti zikamangidwa zitulukire mofanana. Mawu akuti universal pa paketi amatanthauza kuti siinayezedwe pa njinga iliyonse. Mayina ngati R&G, Evotech, Puig ya ku Spain, SW-Motech ya ku Germany ndi Woodcraft ya ku America ndi odziwika, koma dzina pa paketi limatha kukopedwa, choncho yang'anani bawuti ndi pepala la malangizo. Funsaninso ngati kachitsako kamagulitsidwa pakokha. Woodcraft ili ndi nzeru ina yabwino: pulasitiki imagwidwa ndi kabawuti kolowera m'mbali, moti ikaperepeseka mumangomasula n'kuikapo ina osakhudza bawuti ya injini. Pa zina, pulasitiki yosungunuka imatseka bowo, n'kuyamba kukumba ndi mpeni kuti sipanala ilowe. Wotumidwa ku Joni, ku Blantyre kapena ku Lilongwe mumutumizire chithunzi cha nambala ya katunduyo pa WhatsApp, musamangomuuza kuti "za Suzuki".

Kusemetsa kwa torneiro wa makina osemera zitsulo n'kotheka ngati mwapeza ndodo yeniyeni ya acetal kapena nayiloni. M'kati muikemo kapaipi ka chitsulo kapena aluminiyamu koti bawuti izimanga pa iko. Bawuti ikamanga pa pulasitiki yeniyeniyo, pulasitiki imafinyika ndi kutentha kwa injini, masabata angapo bawuti n'kukhwepa, injini n'kuyamba kugwedera m'felemu. Mutu wa bawuti ubisike m'kati ndithu, kuti pulasitiki ikamadyeka msewu usaupeze msanga.

Njinga ikagwa, musangoyang'ana kachitsako n'kunena kuti kadakali bwino. Masulani bawuti muigubuduze pa galasi kapena pa tebulo losalala. Ikamavina, yapindika, ndipo yopindika siiwongoledwa, imatayidwa. Tsukani khutu la felemu ndi malo ozungulira bowo. Pali njira yakale yopezera mng'alu wosaoneka ndi maso: pakani parafini, dikirani pang'ono, pukutani pauma, kenako wazanipo ufa wa choko. Ngati pali mng'alu, parafini wobisala m'katimo amatuluka n'kujambula kamzere konyowa pa choko.

Msuweni wanga anamaliza n'kugula zazifupi za Delrin, zolunjika, n'kulimba mtima kuboola pulasitiki yake yatsopano ija. Poboola anatuluka panja, akuti samafuna kumva phokoso lake. Anawonjezera chivundikiro cha jenereta, ndipo m'thumba la jekete amayenda ndi kachidutswa ka thabwa koika pansi pa sitandi akaima pa phula la ku Tete masana. Pa mutu wa bawuti iliyonse a mestre analembapo kamzere ka penti yoyera kofika pa tsinde la silaida, n'kumuuza kuti Loweruka lililonse akamatsuka njinga azisuzumira ngati mizere iwiriyo ikadali yolunjikana.